Pepala la ku labotale ndi mtima wa achemwali anga

Papita miyezi ndithu ndisanalembe kanthu pano, moti ena mwakhala mukundifunsa ngati choko chinandithera. Ayi, chilipo. Ndinali kotanganidwa ndi matenda, ndipo lero ndati ndikuuzeniko zimene ndaphunzira pa benchi ya m'wodi, chifukwa ndikukhulupirira kuti ambiri a inu tsiku lina mudzagwira pepala ngati limene ndinagwira ine.

Achemwali anga aakulu, amene anandilera bambo athu atamwalira, ali ndi zaka 61. BP akhala nayo kwa zaka zambiri, koma mankhwala amamwa pokhapokha mutu ukawapweteka, monga amachitira anthu ambiri kwathu kuno. Nthawi ya dzinja lapitali anayamba kutupa mapazi, kenako miyendo yonse mpaka m'mawondo. Kukatunga madzi pa mjigo kunakhala ulendo wopumira panjira kawiri. Kugona chagada kunawakanika, anayamba kugona chokhala atatsamira khoma. Usiku wina anabanika kwambiri moti tinachita kupempha galimoto ya mnansi kuti tithamangire nawo kuchipatala. Adokotala atawamvetsera pachifuwa anati m'mapapo mwalowa madzi chifukwa mtima ukulephera kupopa magazi mokwanira. Anawaika pa okosijeni n'kuwabaya jakisoni wa furosemide, uja ambiri timangoti Lasix, wochotsa madzi m'thupi kudzera mu mkodzo.

Mwana wawo wachisamba amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo ndinamuphunzitsa ndekha mu Fomu 3 ndi Fomu 4. Iyeyu anatumiza ndalama kuti tikayezetse magazi ku labotale yolipira m'tauni, kuyeza kwa chinthu china chotchedwa NT-proBNP chimene kuchipatala kumene tinaliko kunalibe. Zotsatira zinatuluka: 8,400. Ndinajambula pepalalo n'kumutumizira pa WhatsApp. Pasanathe ola anandiimbira, mawu akunjenjemera. "Amalume, ndaona pa intaneti kuti munthu wabwinobwino sapitirira 125. Amayi ali pa 8,400. Apa palibenso chabwino. Bwanji muwatenge akapumire kumudzi, ndalama zotsalazi tisunge?" Chimene tisungire ndalamazo sanachitchule, koma tonse awiri timadziwa kuti akunena za bokosi.

Ine ndiye mwinimbumba, ndiye mawu omaliza amayembekezeka kuchokera kwa ine. Ndinakana. Ndipo maganizo anga lero ndi awa: kuyeza magazi kotereku n'kothandiza kwambiri, koma munthu amene akukuwerenga ngati chigamulo cha khoti akukugwiritsa ntchito molakwika, ndipo kulakwitsa kumeneko kukhoza kupha wodwala amene akanakhala ndi moyo. Ine si dokotala, ndine wa choko basi, koma kuwerenga ndimatha, ndipo masiku khumi a m'wodi ndi okwanira kuti munthu awerenge ndi kufunsa zambiri.

Tiyambe ndi chinthu chimene anayezacho. M'kalasi timaphunzitsa kuti mtima ndi pampu ya zipinda zinayi, n'kulekera pomwepo. Koma mu 1981 katswiri wina wobadwira ku Argentina amene amagwira ntchito ku Canada, Adolfo de Bold, anasinja minofu ya zipinda zam'mwamba za mtima wa khoswe n'kubaya madzi ake mwa makoswe ena. Makoswewo anayamba kukodza kwambiri ndi kutaya mchere wambiri. Apa m'pamene zinadziwika kuti mtima umatulutsanso mahomoni. Mu 1988 akatswiri a ku Japan anapeza homoni ina ya mtundu womwewo mu ubongo wa nkhumba, ndiye anaitcha BNP, B ameneyo akuimira ubongo m'Chingerezi. Pambuyo pake zinadziwika kuti mwa munthu homoniyi imachokera makamaka mu mtima momwemo, koma dzina linali litakhazikika kale.

Mmene zimayendera ndi motere. Mtima ukafooka, magazi amadzadzana m'zipinda zake ndipo makoma ake amakokeka. Minofu yokokekayo imapanga puloteni imene imaduka pawiri. Chidutswa chimodzi ndi BNP, imene imauza impso kuti zitaye mchere ndi madzi komanso imamasula mitsempha kuti katundu wa mtima apepuke. Chidutswa chinacho ndi NT-proBNP, chimene sichigwira ntchito imeneyo koma chimakhalitsa m'magazi, pafupifupi ola limodzi kapena awiri pamene BNP imatsika ndi theka pa mphindi 20 zokha. Choncho nambala ya pa pepala lija imasonyeza mmene mtima ukukokekera panthawi imene magazi amatengedwa. Magazi a achemwali anatengedwa tsiku lachiwiri, madzi adakali tho m'thupi.

Ntchito yoyamba ya kuyezaku ndi kusiyanitsa kubanika kochokera ku mtima ndi kubanika kochokera ku mapapo, monga mphumu kapena chibayo. Kafukufuku wotchuka wa mu 2002, amene anatsogolera ndi Alan Maisel wa ku San Diego ndipo anakhudza odwala 1,586 ofika kuchipatala akubanika, anaonetsa kuti BNP ikakhala yosafika 100 zimakhala zokayikitsa kuti vuto ndi mtima. Pa NT-proBNP malire ake ndi ena. Kwa munthu wobwera akubanika mwadzidzidzi, ikakhala pansi pa 300 madokotala amayang'ana kwina. Kuti anene kuti ndi mtima, amayang'ana msinkhu: kupitirira 450 kwa wosafika zaka 50, kupitirira 900 kwa wa zaka 50 mpaka 75, ndi kupitirira 1,800 kwa woposa zaka 75. Ija ya 125 imene mwana wa achemwali anaiona ndi ya munthu amene wabwera yekha kudzayezetsa akuyenda bwinobwino. Kuyerekeza wodwala wa pa okosijeni ndi nambala imeneyo kuli ngati kuyerekeza kugunda kwa mtima wa mwana amene wangomaliza mpikisano wothamanga ndi kwa mnzake amene akuodzera m'kalasi.

Ntchito yachiwiri ndi imene inatibweretsera mkangano, yolosera za kutsogolo. N'zoona ndithu, ndipo sindikufuna kubisa, kuti pa gulu la odwala, amene nambala yawo ndi yokwera kwambiri amamwalira kapena kubwereranso m'chipatala mochuluka kuposa amene yawo ndi yotsika. Koma pali zinthu ziwiri zimene intaneti sinamuuze mnyamata uja. Choyamba, nambalayi imakwezedwanso ndi ukalamba, impso zofooka, ndi mtima wogunda mosalongosoka, pamene kunenepa kwambiri kumaitsitsa. Anthu awiri a nambala yofanana akhoza kukhala ndi mitima yosiyana kutalitali. Chachiwiri, nambala ya tsiku lotuluka m'chipatala imalosera bwino kuposa ya tsiku lolowa. Madokotala amakondwera ikatsika ndi magawo 30 pa 100 kapena kuposa apo, chifukwa ndi chizindikiro chakuti mtima wamva mankhwala. Ikapanda kutsika, amadziwa kuti wodwalayu ngakhale akuoneka bwino, chikomekome cha mkuyu, ndipo afunika kumuyang'anira pafupi.

Aphunzitsi anzanga, izi si zachilendo kwa ife. Chaka chilichonse timalembetsa mayeso a moko. Tikudziwa kuti pa ana 100 amene alephera moko, ambiri adzavutikanso pa MSCE. Koma ndani wa ife anauzapo kholo kuti mwana wanu walephera moko, musamulipirirenso fizi, akalime? Zotsatira za moko zimatiuza mwana woti timuike kutsogolo ndi kumuitana Loweruka. Ena a inu amene mukuwerenga pano munapeza 9 mu Biology pa moko, ndipo lero ndinu anamwino. Mayina sinditchula, mukudzidziwa nokha.

Tsopano pali nkhani ina imene inandidabwitsa kwambiri. Ndinkaganiza kuti kuyeza kodula kokhako ndiye kumanena zanzeru. Mu 2005 Gregg Fonarow ndi anzake ku America anasanthula kaundula wamkulu wa odwala ogonekedwa ndi vutoli wotchedwa ADHERE. Anatenga odwala oposa 33,000 ndi zinthu 39 zimene zimalembedwa munthu akamagonekedwa, kuti aone zimene zikulosera bwino imfa ya m'chipatala. Zitatu zimene zinapambana ndi izi: urea ya m'magazi, nambala yam'mwamba ya BP, ndi creatinine. Urea ndi creatinine ndi zinyalala zija timaphunzitsa pa mutu wa impso. Mtima ukamapopa mofooka impso zimalandira magazi ochepa, ndiye zinyalalazi zimaunjikana. Odwala amene urea yawo inali yotsika ndipo BP yosachepera 115, anamwalira 2 pa 100 alionse. Amene zonse zitatu zinali zoipa, kutanthauza urea yofika 43, BP yosafika 115 ndi creatinine yofika 2.75, anamwalira pafupifupi 22 pa 100 alionse. Manambala a urea (yoyezedwa ngati BUN) ndi creatinine amenewa ali mu mg/dL. Malabotale ena amalemba mu mmol/L ndi µmol/L, ndiye 43 uja amakhala pafupifupi 15, ndipo 2.75 amakhala pafupifupi 243. Paja timachotsera ana malikisi akaiwala kulemba muyeso pambuyo pa nambala, apa m'pamene ndinaona kuti sitimawalakwira.

Taonaninso bwino nambala ya 22 ija. Ngakhale pa gulu loopsa kwambiri, anthu 78 pa 100 anatuluka m'chipatala amoyo. Munthu akadaona pepala loipa n'kunena kuti basi tiwasiye, akadataya anthu ambiri amene anabwerera kwawo.

Palinso zina zimene madokotala amayang'ana. Sodium wa m'magazi akatsika pansi pa 135 chimakhala chizindikiro chakuti thupi lasunga madzi ambiri ndipo matenda ndi aakulu. Apa chenjerani, sizikutanthauza kuti wodwalayo muzimuthirira mchere wambiri m'ndiwo, kutero n'kuonjeza moto. Troponin ndi puloteni imene imatayikira m'magazi minofu ya mtima ikavulala. Kafukufuku wa mu 2008 pa kaundula yemwe uja anapeza kuti amene troponin yawo inali yokwera anamwalira 8 pa 100, pamene enawo anali osafika 3 pa 100. Kuchepa kwa magazi nako kumalemetsa mtima, chifukwa umayenera kupopa kwambiri kuti okosijeni yochepayo ifike paliponse. Ndipo potassium amayenera kuyezedwa kwa aliyense amene akumwa enalapril kapena spironolactone, chifukwa akakwera kwambiri amasokoneza kagundidwe ka mtima.

Wina anena kuti zonsezi ndi za azungu okalamba a ku America. Ali ndi mfundo. Odwala a mu ADHERE ambiri anali oposa zaka 70 ndipo ambiri mitima yawo inaonongeka chifukwa cha kutsekeka kwa mitsempha ya mtima. Kuno ku Africa nkhope ya matendawa ndi ina. Mu 2012 Albertino Damasceno wa ku Maputo ndi anzake anatulutsa kafukufuku wotchedwa THESUS-HF, wa odwala 1,006 a m'maiko 9 a muno mu Africa, kuphatikizapo Mozambique, Kenya, Uganda ndi South Africa. Zaka za odwalawa, kuziphatikiza ndi kugawa, zinali 52 zokha. Pafupifupi 45 pa 100 vuto linayamba ndi BP, ndipo 14 pa 100 linayamba ndi kuonongeka kwa mavavu a mtima kumene kumatsatira zilonda zapakhosi zosachizidwa paubwana. Awa ndi anthu a msinkhu wathu, okhala nafe mu stafu rumu. Kafukufuku wa boma ndi WHO wa mu 2009 anapeza kuti muno m'Malawi pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa n'komwe.

Koma nambala ya mu THESUS-HF imene inandigwira mtima ndi iyi. M'chipatala anamwalira anthu 4 pa 100. Pofika miyezi isanu ndi umodzi anali atamwalira pafupifupi 18 pa 100. Ndiye kuti ambiri anamwalira atatulutsidwa kale, miyendo itaphwa, achibale atathokoza n'kubalalika. Nyengo yoopsa ndi masabata oyamba a kunyumba, nthawi yomweyo imene ife timati matenda atha.

Apa ndi pamene ndikufuna kutsutsanso mbali inayo, ya anthu amene akuganiza kuti kukhala ndi makina oyezera ndiye kuchiza. Mu 2017 kafukufuku wina wa ku America ndi Canada wotchedwa GUIDE-IT anatenga odwala 894. Theka lawo madokotala amasintha mankhwala potsatira NT-proBNP, kufuna kuti itsike pansi pa 1,000. Theka linalo amangowasamalira mwa nthawi zonse. Kusiyana sikunapezeke, moti kafukufukuyo anamuimitsa asanathe. Chifukwa chimodzi chimene akatswiri amapereka n'chakuti magulu onse awiri amaonedwa pafupipafupi ndi madokotala odziwa za mtima. Kenako mu 2022 kunatuluka STRONG-HF, wa odwala 1,078 m'maiko 14, ndipo Mozambique, Nigeria, South Africa ndi Tunisia anali m'gulumo. Kumeneku gulu limodzi limaitanidwa kuchipatala patatha sabata imodzi, awiri, atatu ndi asanu ndi limodzi chitulukireni. Ulendo uliwonse amawapima, kuwayeza impso, potassium ndi NT-proBNP, n'kumakweza mankhwala mwachangu mpaka afike pa mlingo wokwanira. Pa miyezi isanu ndi umodzi, amene anamwalira kapena kugonekedwanso anali 15 pa 100, pamene gulu la chisamaliro cha nthawi zonse anali 23 pa 100. Phunziro ndi lomwe lija la moko. Kulembetsa mayeso pakokha sikukhozetsa mwana. Chimamukhozetsa ndi zimene mphunzitsi achite akaona zotsatira.

Kodi ndiye boma ligule makina a NT-proBNP m'chipatala chilichonse? Ndikanakonda atapezeka m'zipatala zikuluzikulu, chifukwa kuthandiza dokotala kudziwa msanga ngati kubanika n'kwa mtima kapena kwa mapapo si nkhani yaing'ono. Koma ndalama zikakhala zochepa, ine ndingayambe ndi kuonetsetsa kuti mankhwala oyezera urea, creatinine, sodium ndi potassium sakutha m'labotale za zipatala za m'maboma, kuti makina a BP ali ndi mabatire, ndi kuti wodwala mtima aliyense akutuluka ndi tsiku lobwerera lolembedwa m'buku lake lakuchipatala, tsiku la sabata imodzi kapena awiri kutsogolo osati miyezi itatu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ife tili m'wodi makina a impso anakhala masiku atatu osagwira ntchito chifukwa mankhwala ake anatha, ndipo achemwali amalandira jakisoni wochotsa madzi popanda wodziwa mmene impso zikupiririra. Zimenezo zinandiopsa kuposa 8,400 uja.

Tsopano ndidzudzule ntchito yanga yomwe. Mnyamata wa ku Johannesburg uja anakhoza Biology bwino kwambiri. Atha kukujambulirani mtima ndi kulemba dzina la chipinda chilichonse ndi mtsempha uliwonse. Koma atapatsidwa nambala imodzi yokhudza mayi ake, sanafunse kuti yayezedwa liti, ikuyerekezedwa ndi anthu otani, nanga chingaisinthe n'chiyani. Sindimuda, mantha a mwana amene ali kutali ndi mayi ake ndi aakulu. Ndikudzifunsa ndekha kuti zaka ziwiri ndinali naye ndinamuphunzitsa chiyani. Anzanga a Masamu mumaphunzitsa probability ndi timipira tofiira ndi tobiriwira ta m'thumba. Bwanji tsiku limodzi mufunse ana tanthauzo la mawu akuti odwala 22 pa 100 amamwalira, kwa wodwala mmodzi amene ali pabedi? Ifenso a Biology, tikafika pa impso ndi mtima, bwanji tibweretse pepala la ku labotale lofufutidwa dzina kuti ana aliwerenge? Silabasi siitiletsa, ndipo mwana aliyense m'kalasimo tsiku lina adzakhala wodwazika matenda.

Kwa inu amene muli ndi wodwala mtima pakhomo, nazi zimene ndaphunzira. Mukapatsidwa zotsatira za magazi pemphani kuti zilembedwe m'buku lakuchipatala pamodzi ndi tsiku lake, chifukwa dokotala wa ulendo wotsatira adzafuna kuyerekeza. Funsani mwaulemu kuti, "Adokotala, nambala iyi ikusintha chiyani pa mankhwala awo?" Safunsa anadya phula. Pezani sikelo, wodwala azidziyeza m'mawa uliwonse akangokodza. Akaonjezera makilogalamu awiri m'masiku atatu amenewo ndi madzi, thamangani kuchipatala osadikira tsiku lolembedwa. Chepetsani mchere, WHO imati munthu asapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kakang'ono kamodzi kosadzaza, ndipo kumbukirani kuti nsomba zouma zamchere ndi tizokometsera ndiwo ta m'mapaketi tili kale ndi mchere wambiri. Mapilitsi opha ululu a mtundu wa Brufen, diclofenac ndi Indocid amasungitsa madzi m'thupi ndi kuvulaza impso, musawagulire wodwala mtima pa golosale. Ndipo mankhwala a mtima sasiyidwa chifukwa miyendo yaphwa.

Achemwali anatuluka tsiku lakhumi. Ndalama zimene mwana wawo amafuna tisunge tinayezetsera magazi kachiwiri asanatuluke, ndipo nambala ija inali itatsika kufika pa 3,900. Ikadali yokwera, ndipo adokotala sanatinamize kuti mtima wabwerera mwakale. Kumudzi sanapite. Ali kwathu kuno, pa nyumba ya sukulu, pamene pali mtunda waufupi kukafika kuchipatala. Apitako kale maulendo anayi, mankhwala awakweza kawiri, ndipo kamodzi anawatsitsira spironolactone chifukwa potassium anakwera. M'mawa uliwonse amakwera sikelo imene tinabwereka kwa aphunzitsi a Home Economics, ndipo mwana wanga wamng'ono ndi amene amalemba manambala m'kope. Amakangana ndi mayi a kunyumba tsiku ndi tsiku pa nkhani ya mchere wa m'ndiwo. Usiku akugona chagada ndi pilo mmodzi.

Mwana wawo amaimba Lamlungu lililonse, ndipo masiku ano funso lake loyamba limakhala lakuti, "Amalume, sikelo ikuti bwanji?" Mwezi wamawa akubwera kudzawaona.

Inu a mu stafu rumu amene mwadutsa zaka 40, kodi BP munayezetsa liti? Lachisanu likubwerali ndibweretsa makina amene tinagulira achemwali, ndidzawaika pa tebulo la tiyi nthawi yopumira. Ahedi avomera kale, ndipo ati ayamba ndi iwowo.